Ndatseka shopu ndi mawu a pafoni, loya akufuna kalata

Wa Revenue: Anzanga ogwira ntchito m'makhonsolo, thandizeni msanga. A DC ali ku Lilongwe sabata yonse, akugwirizira udindo wawo ndi a DoA (Director of Administration). Lolemba a DoA anandiimbira kuti ndikatseke golosale ina pa trading centre chifukwa laisensi inatha kalekale. Ndinalemba notisi, kusaina "for DC", tinakaika loko ndi apolisi awiri. Lero mwini shopu wabwera ndi kalata ya loya, akuti ndionetse pepala londipatsa mphamvu. Ndilibe. Ndili ndi call log basi. A DoA sakuyankha foni. Nditani?

Mkulu wa Registry: Achimwene, musayankhe loyayo nokha. Kalatayo idindidwe received, ilowe mufailo, ipite kwa a DC. Mphamvu si za a DoA, si zanunso, ndi za khonsolo. Local Government Act ya 1998 imalola khonsolo kupereka ntchito zake kwa komiti kapena kwa ofisala, koma payenera kukhala chosonyeza kuti inaperekadi. Minute ya full council (msonkhano wa khonsolo yonse) kapena standing orders (malamulo oyendetsera khonsolo), muli nazo?

Madala a Works: Wogwirizira ndi DC basi. Akanena wanena. Ife tagwira chonchi zaka zonsezi.

Mayi DEHO (mkulu wa zaumoyo ndi ukhondo paboma): Bambo, pakamwa sipadindidwa. Ine ndinatsekapo malo odyera nthawi ya kolera, mbale akutsukira m'madzi a mumtsinje. Mwini wake anathamangira kwa khansala, khansala kwa a MP, madzulo foni inalira kuti ndikatsegule. Chinandipulumutsa ndi lipoti la inspection lomwe ndinalemba tsiku lomwelo potengera Public Health Act. Amene ananditumawo anati sakukumbuka.

Wa Revenue: Mayi, ndiye za "for DC" zija zilibe ntchito?

Mayi DEHO: Zimagwira ngati a DC adzavomere kuti anakutumani. Akakana mwatsala nokha.

Madala a Works: Ndanena kale, wogwirizira ndi DC. Kuyambira 2005 mpaka 2014 kunalibe makhansala, full council inkakumana kuti? Koma misika inkayenda, ziphaso tinkadula, mashopu tinkatseka.

Mkulu wa Registry: Madala, nthawi imeneyo inapita. Makhansala anabwera mu 2014 ndipo maloya akudziwa zimenezo. Komanso onani kalata yogwirizira ya a DoA. Zina zimangoti ayang'anire ofesi, osati asaine chilichonse. Ndipo amene wapatsidwa mphamvu sangangoipatsiranso wina pafoni ngati ndodo ya relay.

Wa Audit: Chonde musayerekeze kupempha munthu akulembereni memo lero n'kuikapo deti la Lolemba. Zimenezo zikadziwika si nkhani ya shopunso ayi. Ndinaonapo kalaliki ataimitsidwa ntchito chifukwa reference number ya memo yake inali yaikulu kuposa ya makalata amene anatuluka pambuyo pa deti limene anaikapo. Buku la registry silinama. Lembani lipoti la lero, deti la lero: ndani anaimba, nthawi yanji, ananena chiyani, apolisi anali ndani.

Funso lina. By-law (lamulo la khonsolo) imene mwatsekerayo a nduna anaivomereza? Makhonsolo ena akuyendera draft imene inangodutsa ku komiti. Kupanga ma by-law ndi kwa khonsolo yonse, sikuperekedwa kwa ofisala.

Wa Revenue: Zimenezo sindinaone. Timangogwiritsa fotokope ili pakhoma.

Wa Audit: Eee. Katundu woola alimo mushopumo? Buledi, mkaka? Akawonongeka adzafuna chipukuta misozi, ndipo dzina lili pa notisi ndi lanu.

Madala a Works: Mukumuopseza mwanayu. Bwana akakutuma umapita. Akanakana bwenzi pano ali ndi kalata ya insubordination, kusamvera bwana.

Mayi DEHO: Palibe wanena kuti akane, bambo. Ungoti "bwana, nditumizireniko ka meseji". Ngakhale pa WhatsApp.