Boma lizilipirira aliyense akadwala, zimathekadi kapena ndi zongokometsa pakamwa?

Nachisale88:
Abale ndithandizeni, takangana kuntchito mpaka osamvana. Pali mayiko amene boma limatolera misonkho n'kumalipirira aliyense kuchipatala, wolemera ndi wosauka yemwe, inshuwalansi imodzi ya dziko lonse. Mnzanga wina akuti n'zowononga chuma basi, ine ndikuona ngati ndi chilungamo. Ubwino ndi kuipa kwake n'chani makamaka? Odziwa tiuzeni, osati zandale chonde.

Kambalame:
Achemwali, ine ndili mbali yanu. Matenda sagogoda, lero uli bwinobwino mawa akuuza kuti impso zasiya kugwira ntchito, ndiye ndani angakwanitse yekha kulipira makina otsuka magazi katatu pa sabata mpaka kalekale? Nzeru yake ndi yoti tonse tiziponya m'thumba limodzi, athanzi omwe ndi ambiri azinyamula odwala omwe ndi ochepa, tsiku lako likafika nawenso akunyamule. Ku Britain anayamba NHS, dongosolo la boma lolipirira aliyense kuchipatala, mu 1948, nduna ya zaumoyo inali Aneurin Bevan, dziko litangotuluka m'nkhondo lili ndi ngongole zosaneneka, koma anayambabe. Ndiye taonani America komwe kulibe zimenezi kwa aliyense, amawononga pafupifupi 17% ya chuma chonse cha dziko pa zaumoyo, kuposa dziko lina lililonse lolemera, koma anthu mamiliyoni alibe inshuwalansi ndipo a ku Britain amakhalabe ndi moyo wautali kuposa iwo. Chinanso boma likakhala wogula mmodzi wamkulu limanenerera mitengo ya mankhwala, makampani sangalipusitse ngati mmene amachitira ndi munthu payekha. Komanso munthu akadziwa kuti sakamulipiritsa amapita chotupa chikadali chaching'ono, osati kudikira mpaka achite kumunyamula.

Mdala_wa_Masamu:
Aaa a Kambalame mwakometsa kwambiri. Palibe chaulere apa, mwalipira kale pa msonkho, kungoti simunaone lisiti. Ndipo chinthu chikakhala chopanda mtengo pakhomo anthu ofuna amachuluka kuposa madokotala, ndiye chimene chimasankha woyamba kuthandizidwa ndi mzere. Ku England komweko mu 2023 mndandanda wodikira chithandizo cha kuchipatala unapitirira 7 miliyoni. Ku Canada munthu wofuna opaleshoni ya bondo kapena ya m'chiuno amadikira miyezi akutsimphina. Olo Bevan yemweyo anatula pansi udindo mu 1951, zaka zitatu zokha chiyambireni NHS, chifukwa boma lake linayamba kulipiritsa mano oikirira ndi magalasi a maso, ndalama zinali zitayamba kale kuperewera. Anthu akukalamba, makina atsopano akudula, bajeti siikula liwiro lomwelo. Mwati atani, akweze msonkho chaka ndi chaka?

Kambalame:
Mzere ulipo eya, koma wa ngozi ya galimoto kapena wa mtima sadikira miyezi, amalowa pompopompo. Kopanda inshuwalansi nakonso mzere ulipo, kungoti suoneka, anthu ake ali kunyumba akubuula poopa bilu.

Mayi_Nesi:
Ana anga nonse mukunena zoona koma mukungotchula mayiko olemera. Funso lenileni ndi loti m'thumbamo aziponyamo ndani. Dziko limene anthu ambiri sali pa ntchito yolembedwa, alimi, ochita mabizinesi ang'onoang'ono, msonkho wa pa malipiro umagwira anthu ochepa kwambiri. Koma sikuti n'zosatheka ayi. Thailand mu 2002 inafikitsa dziko lonse pa pulogalamu ya 30 baht (baht ndi ndalama ya kumeneko), munthu ankangolipira kandalama kochepako akapita kuchipatala zina zonse boma, ndipo mabanja osauka chifukwa cha mabilu a chipatala anachepa. Chinsinsi chawo n'choti anali atamanga kale zipatala za m'maboma ndi kutumiza madokotala kumidzi kwa zaka zambiri, khadi ya inshuwalansi inabwera pambuyo. Ghana inakhazikitsa NHIS, inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, mu 2003 ndi kamsonkho ka 2.5% pa katundu wogula, anthu anapumadi ku zolipira kaye usanaonedwe, koma boma limachedwa kubweza ndalama ku zipatala mpaka zina kumakana makadi. Ine ndagwira ntchito mu wodi zaka zambiri, ndikuuzeni, palibe chopweteka ngati mayi atanyamula mwana wotentha thupi, khadi ili m'manja, iwe n'kumulembera kapepala kuti mankhwala atha akagule ku famase. Amakuyang'ana ngati wamubera ndiwe. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja m'dziko la Nigeria mu 2001 kuti 15% ya bajeti izipita ku zaumoyo, owerengeka okha ndi amene anafikapo.

Nachisale88:
Zikomo amayi, apa ndiye mwanditsegula maso. Nanga amene ali ndi ndalama zake ndipo sakufuna mzere, amaletsedwa kupita ku pulaiveti?

Mdala_wa_Masamu:
Zimatengera dziko achemwali. Ku Britain pulaiveti ilipo, ukhoza kulipira n'kudumpha mzere koma msonkho wa NHS umadulidwabe, suthawa. Germany ndiye inayenda njira ina kuyambira 1883 nthawi ya mtsogoleri wawo Bismarck, si boma limene limasunga thumba, pali mabungwe ambiri a inshuwalansi osafuna phindu, wantchito ndi bwana amagawana zopereka, lamulo limakakamiza aliyense kukhala ndi inshuwalansi ndipo olandira malipiro apamwamba amaloledwa kutuluka n'kupita ku pulaiveti. Vuto la pulaiveti ndi loti dokotala ndi yemweyo, m'mawa ali ku chipatala cha boma masana ali ku kiliniki yake, ndiye tangoganizani kumene amafulumira kupita. South Africa ndi pamene pali phokoso pano, Ramaphosa anasainira lamulo la NHI, inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, mu May 2024 ndipo mabungwe a inshuwalansi za pulaiveti ndi madokotala ena anathamangira kukhoti.