Kodi ndisinthe injini ya Land Rover yanga ya 1974 ndisanaigulitse?

Mwini88:
Ndili ndi Land Rover Series III ya 1974, yaifupi ija ya mainchesi 88 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, yomwe ndinaikonza yonse kuyambira pansi. Chassis yakale inali itadyeka ndi dzimbiri, choncho tinaikamo yatsopano yokutidwa ndi zinki, tinawotcherera bulkhead (chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu) popondera mapazi, ndipo injini yake ya petulo ya malita 2.25 tinaimasula n'kuimanganso. Tsopano ndikufuna kuigulitsa chifukwa imangokhala, ndipo galimoto yotereyi ikakhalitsa osayenda, oyilo amayamba kudontha ndipo mabuleki amauma. Anzanga ena akundilangiza kuti ndiikemo injini ya dizilo ya 200Tdi kuti ikope ogula, poti yapetuloyi imamwa kwambiri komanso ilibe liwiro pamsewu waukulu. Akuluakulu, kodi malangizo amenewa ndi abwino?

Makaniko Wakale:
Bambo, ine ndikuti injiniyo musaikhudze. Munthu wofuna galimoto yothamanga ndi yosamwa mafuta sayang'ana n'komwe ya zaka zimenezo, pomwe amene akufunafuna Series III amafuna kuipeza monga inatulukira kufakitale ya ku Solihull ku England, ndipo chimene amayamba kufunsa n'chakuti injini ndi yake yomwe kapena ayi. Komanso 200Tdi, yomwe inayamba ndi Land Rover Discovery mu 1989, ili ndi mphamvu zoposa zimene giyabokosi ya Series inapangidwira, moti woyendetsa akakhala wa phazi lolemera, magiya ndi mashafti akumbuyo sachedwa kuthyoka. Mudzawononga ndalama zambiri, kenaka mudzagulitsa galimoto imene yataya chinthu chomwe chimaipatsa mtengo. Ngati vuto ndi liwiro ndi phokoso, ikanimo overdrive ya Fairey, giya yowonjezera yochepetsa kuzungulira kwa injini pamsewu waukulu, imene imamangidwa kumbuyo kwa transfer box (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ndipo wogula akhoza kuichotsa osasiya chilema chilichonse.

Mayi wa Land Cruiser:
Ndikugwirizana ndi a Makaniko, koma chimene chandigwira mtima ndi nkhani ya chassis. Pa galimoto zimenezi nambala imadindidwa kutsogolo kwa chassis, mbali yakumanja, pafupi ndi pamene pamagwira sipuling'i, ndipo chassis yatsopano imabwera yopanda nambala imeneyo. Malamulo a zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, choncho pitani ku ofesi yolembetsa magalimoto mukalongosole zonse musanalengeze malonda, kuti mapepala ndi galimoto zinene chimodzi. Wogula wochenjera akaona kusiyana kulikonse amabwerera pomwepo, ngakhale penti ikhale yowala bwanji.

Pamene ndinkagulitsa Toyota Land Cruiser FJ40 yanga, chimene chinathetsa kukayika kwa wogula chinali malisiti ndi zithunzi za ntchito yonse, makamaka zoonetsa zitsulo zisanapakidwe penti. Inunso sonkhanitsani zanu. Muonetseninso wogulayo m'munsi mwa zitseko, pamene aluminiyamu amakhudzana ndi chitsulo n'kutulutsa ufa woyera ndi matuza pansi pa penti, chifukwa ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kukazipeza yekha atafika kwawo.

Woyenda M'thengo:
Ine ndiwonjezere mawu owawa pang'ono. Ndalama ndi nthawi zimene munathera pokonza sizibwerera zonse, choncho mtengo muuyerekeze ndi wa galimoto zofanana nayo zimene zagulidwadi, osati ndi mulu wa malisiti anu. Wogula akabwera, apeze injini ili yozizira kuti aone mmene imalirira m'mawa, ndipo mumulole ayendetse yekha pamsewu wafumbi, ayese kandodo kachikasu kolowetsa matayala onse anayi ndi kofiira ka magiya amphamvu. Mumuuziretu kuti chiwongolero n'cholemera ndiponso kuti mabuleki a dramu amafuna mtunda wautali kuti galimoto iime.

Mwini88:
Zikomo kwambiri nonse. Injini ndiisiya momwemo, ndipo ndiyamba ndi nkhani ya mapepala. Chidutswa cha chassis yakale chokhala ndi nambala ndinachisunga, kodi ndichipereke kwa wogula pamodzi ndi malisiti?

Mayi wa Land Cruiser:
Inde, koma muyambe mwapita nacho ku ofesi ija kuti akachione ndi kulemba za kusinthaku.