Kodi tichepetse ufulu wa oganiziridwa kuti katangale athe?

Wodabwa:

Akuluakulu, ndikupempha kuti mundithandize maganizo pa nkhani imene yandisowetsa mtendere. M'mayiko ambiri amene demokalase idakali yanthete, wakuba mbuzi amazengedwa mlandu mofulumira n'kukagwira ukaidi, pamene nduna imene yasowetsa ndalama zogulira mankhwala imatuluka pa belo tsiku lomwelo, kenako maloya ake amapempha mobwerezabwereza kuti mlandu uyambe waima, mpaka mboni zina kumwalira ndiponso mafayilo kusowa. Ufulu wachibadwidwe umene timaunyadira ukuoneka ngati ukuteteza okhawo amene ali ndi ndalama. Kodi sichingakhale chanzeru kuti pa milandu ya katangale ndi ziphuphu belo ichotsedwe, ndipo woganiziridwayo azitsimikizira yekha bwalo kuti sanabe?

Mphunzitsi wa Malamulo:

A Wodabwa, mkwiyo wanu ndikuumvetsa, koma maganizo ochotsa belo ndikuwakana kwathunthu. Taganizirani kuti mphamvu yotsekera munthu m'chitokosi popanda belo idzakhala m'manja mwa yani. Sidzakhala m'manja mwa anthu wamba amene aberedwa, koma mwa apolisi ndi ozenga milandu amene akuluakulu awo amasankhidwa ndi boma lolamula. Oyamba kugona m'chitokosi adzakhala atsogoleri otsutsa boma ndi atolankhani ofufuza nkhani, pamene mbava zimene zili pafupi ndi mpando zidzapitiriza kudya mosatekeseka. N'chifukwa chake ndime 11 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha United Nations cha 1948 imanena kuti munthu aziyesedwa wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa.

Komanso kudulira njira kumawononga mlandu womwewo. Ku Brazil, woweruza Sergio Moro anapeza Lula da Silva, amene anali atakhalapo pulezidenti wa dzikolo, wolakwa pa mlandu wa katangale mu 2017, ndipo anthu ambiri anaombera m'manja poganiza kuti katangale wagonja. Mu 2021 bwalo lalikulu la dzikolo linafafaniza zigamulo za Lula, ndiponso linapeza kuti Moro anali wokondera. Kuyambira pamenepo, aliyense wogwidwa pa kafukufuku wa katangale wa Lava Jato, amene mlandu wa Lula unali mbali yake, anapeza ponamizira kuti akungozunzidwa pa zifukwa za ndale, ngakhale amene umboni wawo unali wosakayikitsa.

Mayi Wachilungamo:

Aphunzitsi, pa nkhani ya belo ndikugwirizana nanu, koma tisaiwale kuti ufulu suli wa woganiziridwa yekha. Mayi amene wauzidwa ndi namwino kuti mankhwala a malungo atha ndipo akagule yekha, mwana ali kumsana thupi likutentha, nayenso waphwanyiridwa ufulu wake, kungoti alibe loya womulankhulira.

Mbali yachiwiri ya funsoli ili ndi nzeru imene mayiko ena anaitsata mosamala. Ku Hong Kong, kumene bungwe lothana ndi katangale la ICAC linakhazikitsidwa mu 1974, lamulo limalola kuzenga mlandu wogwira ntchito m'boma amene chuma chake sichikugwirizana ndi malipiro ake, ngati walephera kufotokoza kumene chinachokera. Pangano la United Nations lothana ndi katangale la 2003 limalimbikitsanso mayiko kuganizira lamulo lotere pa ndime 20. Boma limayamba ndi kuonetsa kuti nyumba ndi magalimoto zilipodi ndipo malipiro sakanatha kuzigula, kenako mwiniwake amafotokoza. Ine sindiona kuponderezedwa kulikonse pamenepa, chifukwa munthu wolandira malipiro kuchokera ku misonkho ya anthu ayenera kukhala wokonzeka kuyankha funso limeneli.

Mlonda:

Kwa ine, gwero la vuto si ufulu wa oganiziridwa, koma kuti mabungwe ofufuza amapumira m'manja mwa anthu amene akuwafufuza. Ku South Africa, gulu lofufuza milandu ikuluikulu la Scorpions litayamba kufika kwa akuluakulu a chipani cholamula linathetsedwa mu 2009, ndipo mu 2011 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti gulu la Hawks, limene linalowa m'malo mwake, linalibe ufulu wokwanira wogwira ntchito mosalowereredwa ndi andale. Ku Guatemala, bungwe lofufuza milandu la CICIG, limene linakhazikitsidwa mogwirizana ndi United Nations, linathandiza kuvumbula katangale wa misonkho ya katundu wolowa m'dziko mpaka pulezidenti Otto Pérez Molina anatula pansi udindo mu 2015, koma boma la Jimmy Morales, amene nayenso ankafufuzidwa, linakana kuwonjezera nthawi ya bungweli ndipo linatha mu 2019.

Tifunse kuti amene amalemba ndi kuchotsa ntchito mkulu wa bungwe lothana ndi katangale ndani, amene amavomereza ndalama zake chaka ndi chaka ndani, ndiponso ngati bungwelo lingathe kutengera nduna kukhoti popanda kupempha chilolezo kwa munthu wosankhidwa ndi pulezidenti. Nthawi zambiri mlandu umachedwa chifukwa ofufuza alibe mafuta a galimoto kapena akatswiri owerengera ndalama, ndipo umphawi woterewu nthawi zina umachita kukonzedwa dala.

Wodabwa:

Zikomo nonse, za belo mwandikhutiritsa. Komabe kuimitsa milandu kosatha kukundiwawabe. Kodi pamenepa tingachite chiyani popanda kulanda munthu ufulu wake?

Mphunzitsi wa Malamulo:

Kuzenga mlandu mwachangu nakonso ndi ufulu, ndipo kunalembedwa pa ndime 14 ya pangano la mayiko la 1966 la ufulu wa nzika ndi wa ndale. Nyumba ya malamulo ingathe kuika malire a nthawi imene mlandu wa katangale uyenera kutha, kupatula oweruza oti aziona milandu yokhayi, ndi kulola bwalo kuti ligwire katundu wokayikitsa kuti asagulitsidwe mlandu uli mkati. Chinanso chofunika ndi kuteteza mboni, chifukwa kalaliki amene anaona mapepala abodza akusainidwa sangalankhule ngati akudziwa kuti mawa lake amuchotsa ntchito.