Masamba a echeveria akuola pa nazale, oda ya ukwati yayandikira

NaBanda, Area 25

Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Chonde ndithandizeni nzeru. Mu Disembala ndinalandira oda ya echeveria (maluwa aja a masamba onenepa osunga madzi) 250 zing'onozing'ono, zoti akagawire alendo pa ukwati kumapeto kwa Meyi, ndipo theka la ndalama ndinalandira kale. Ndili ndi zikuluzikulu 36 zomwe ndimatengako mbewu, ndiye sabata yoyamba ya Januwale ndinathothola masamba 400 n'kuwadzala. Lero patha mwezi, ndawerenga amoyo ndi 130 okha. Enawo amayamba kuoneka amadzimadzi pamene ndinathothola paja, mawa lake achita chikasu, mkuja ada bii, ukagwira amangophulika ngati tomato woola. Chomwe chandisowetsa tulo n'choti zikuluzikulu 5 nazonso zayamba kuyoyola masamba, ungokhudza pang'ono akugwa okha. Nazale ndachita zaka 9, mitengo ndi maluwa ena sizindivuta. Apa ndalakwitsa pati?

Bambo Mwale, Likuni

Pepani aNaBanda. Tisanatchule za mankhwala tiuzeni kaye, dothi munasakaniza bwanji? Nanga masambawo munawazika kapena munangowagoneka pamwamba? Ali pamtetete kapena pansi pa denga?

NaBanda, Area 25

Dothi ndi lomweli timaika m'machubu a mitengo bambo, katondo, mchenga wa kudambo pang'ono ndi manyowa a nkhuku owolerana. Masamba ndinawazika choimika tsiku lomwelo ndinathothola, n'kuthirira monga timachitira ndi zodula za hibiscus. Ali pansi pa shedi neti. Mvumbi wa masiku anayi uja unawapeza pomwepo, ndiye nditaona kuti mvula yanyanya ndinawafunditsa pepala la pulasitiki mpaka pansi.

Mayi a Tadala, Area 47

Achemwali, vuto laoneka, ndipo si matenda achilendo ayi. Mwasamalira echeveria ngati mbande ya mtengo. Ife tonse dzanja lathu linazolowera kuti chomera chikafooka timawonjezera madzi ndi manyowa, koma izi zimafa ndi chisamaliro chomwecho.

Tsamba mukalithothola limakhala ndi chilonda chonyowa. Mukachizika m'dothi lonyowa, la manyowa a nkhuku, kuola kumalowera pomwepo. Ine ndimayala masamba pa lichero, pakhonde pamthunzi podutsa mphepo, masiku atatu mpaka asanu, dzinja lino ngakhale sabata yathunthu chifukwa mpweya uli ndi chinyezi. Chilonda chikauma n'kuchita kankhanambo, ndimawagoneka pamwamba pa mchenga wouma, osazika, osathirira. Madzi ndi chakudya cha kamwana komwe kadzaphuke pa tsambalo zili m'tsamba momwemo. Pakatha masabata awiri mpaka anayi mumaona timizu topyapyala ngati ulusi, tina tofiirira, kenaka kamutu kangati njere ya mapira.

Kathotholedwe nakonso kali ndi nkhani. Gwirani tsamba kumunsi pafupi ndi tsinde, muligwedeze uku ndi uku mpaka limveke kuti thwa. Lituluke lathunthu, kumapeto kwake kuli kosalala ndi kokhota pang'ono. Likang'ambika n'kusiyako kachidutswa pa tsinde, tayani, chifukwa diso lomwe limabala mwana latsalira komweko.

Koma chomwe chamaliza masamba anuwo ndi pepala lija. Pansi pake panali potentha, ponyowa, popanda mphepo. Lichotseni lero lomwe, mulikweze likhale denga lokha, m'mbali monse motsegula.

Chikondi, Kawale

Ndiwonjezereko pang'ono pa zomwe anena amayiwa, mwina zithandiza kuti tisamaiwale chifukwa chake. Kwawo kwa echeveria ndi ku Mexico, zina ku Central America mpaka kumpoto chakumadzulo kwa South America, ndipo zambiri zimamera m'mapiri, m'ming'alu ya miyala momwe madzi sakhazikika. Timabowo ta m'masamba ake topumira timatseguka usiku kukazizira, masana timatsekeka, choncho sizitaya madzi ngati chimanga kapena mpiru. Ndiye taganizani, Lilongwe amalandira mvula yoposa mamilimita 800 pa chaka, yambiri mwa iyo pakati pa Disembala ndi Malichi, pa katondo wogwira madzi. Mphika ukanyowa mu Januwale, chomeracho sichingamwe madziwo msanga kuti dothi liume. Mizu imasowa mpweya n'kuyamba kuola, kuolako kumakwera ndi tsinde.

Achimwene Zulu, Kauma

Pa nkhani ya kusathirira ine ndisiyana nanu pang'ono mayi a Tadala. Kunyumba komwe ndimagwira ntchito ya m'munda ndimawaza timadzi ndi kabotolo kopopera m'mawa uliwonse, ndipo masamba ambiri amagwira. Ndinayesapo kuwasiya ouma, timizu tinatuluka koma tinauma tisanalowe pansi.

Mayi a Tadala, Area 47

Munayesa mwezi uti achimwene?

Achimwene Zulu, Kauma

Unali Okutobala.

Mayi a Tadala, Area 47

Ndiye sitikutsutsana. Okutobala wa kuno amaumitsa chilichonse, mchenga umatentha ngati chiwaya, ndipo timizu tikatuluka timafunadi chinyezi pang'ono. Inenso nthawi imeneyo ndimadontheza madzi pa mchenga, pafupi ndi mizu, masiku atatu aliwonse. Koma ndimayamba mizu ikaoneka, ndipo sindinyowetsa tsambalo. Febuluwale uno mpweya wokha ukukwanira. Akawaza m'mawa uliwonse aNaBanda, 130 atsalawa sadutsa sabata.

Achimwene Zulu, Kauma

Pamenepo ndamva. Anga amakhala pakhonde lalitali lomwe mvula sifika, mwina n'chifukwa chake amapirira.

Bambo Mwale, Likuni

Za masamba zalongosoka, koma tiyeni tinene chilungamo pa nkhani ya nthawi, poti apa pali ndalama za eni. Kuchokera lero kufika kumapeto kwa Meyi ndi masabata pafupifupi 16. Echeveria yochokera ku tsamba, ikakwana miyezi inayi imakhala ikadali kakang'ono ngati kakobiri, ina sinafikenso pamenepo. Kuti idzadze kamphika n'kuoneka ngati mphatso pamafunika miyezi 6 kapena kupitirira. Ngakhale mutathothola masamba ena 400 lero n'kugwira onse, simungakapereke zimenezo pa ukwati wa anthu. Masambawo muwasamale kuti mudzagulitse chakumapeto kwa chaka. Oda iyi ituluke ku tiana ndi ku mitu.

Pitani mukatukule masamba a m'munsi a zikuluzikulu zija, mukawerenge tiana tomwe tabisala m'khwapa. Kalikonse kofika kukula ngati chivindikiro cha botolo la Fanta kaduleni ndi lezala watsopano, mukasiyire kachitsinde pang'ono. Tiume masiku atatu kapena anayi, kenaka muzike kachitsindeko m'dothi louma, osathirira mpaka patatha sabata. Timagwira mizu m'masabata awiri kapena atatu, ndipo pofika Meyi timakhala tatambasuka bwino.

Zisanu zikuyoyolazo musadikire mawa. Zizuleni, musase dothi, mutiuze tsinde likuoneka bwanji.

NaBanda, Area 25

Ndazula bambo. Mizu yada ndipo ikununkha, ukakoka khungu lake likungovuka. Ziwiri tsinde lafewa mpaka kumutu. Zitatu kumunsi kwada koma kumtunda kukadali kolimba. Tiana ndawerenga 85 tofika msinkhu mwanenawo. Ndaonanso tinthu toyera ngati thonje m'khwapa mwa masamba a zina, ndipo nyerere zikukwera ndi kutsika.

Bambo Mwale, Likuni

Ziwirizo tayani kutali pamodzi ndi dothi lake, osaponya pa mulu wa kompositi. Zitatuzo dulani mutu pamwamba pa pomwe pada. Mukadula yang'anani mkati mwa tsinde. Mukaona kadontho kakuda kapena kabulauni pakati, pukutani lezala ndi spiriti, dulaninso pamwamba pake, mpaka mupeze poyera mbee kapena pobiriwira. Mukasiyako kakuda ngakhale kangati nsonga ya singano, mutuwo udzaolera pa lichero.

Pa zamoyo 31 zija sankhanipo 15, makamaka zomwe zasololoka chifukwa cha mthunzi wa shedi neti, muzidulenso mitu. Ndikudziwa kuti mtima umawawa kudula chinthu chokongola, koma mutu uliwonse ndi mphatso imodzi yaikulu kale, ndipo chitsa mukachisiyira masamba atatu kapena anayi chimatulutsa tiana tingapo. Zomwe masamba ake ndi othithikana moti lezala salowa, ndimatenga ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba, ndimauzunguliza pa tsinde pakati pa masamba, n'kukoka nsonga zonse ziwiri mopingasa. Mutu umadumpha wosalala osawononga tsamba ngakhale limodzi. Chitsacho chisanyowe pachilonda.

Chikondi, Kawale

Toyerato ndi tizilombo ta mtundu wa kodikodi uja amavuta pa chinangwa, timayamwa madzi a chomera. Nyerere zimabwera kudzadya timadzi totsekemera tomwe timatulutsa, ndipo zimatiteteza, zimatinyamulanso kupita nato ku miphika ina. Zomwe zagwidwazo zipatuleni. Gulani spiriti woyera wa ku famase, munyowetse kathonje ka m'makutu, muzikhudza kamodzikamodzi. Chitani madzulo, osati dzuwa likuswa. Mubwereze patatha sabata chifukwa mazira amatsalira. Kamwana kalikonse mukadula muyang'ane m'khwapa musanakaike pamodzi ndi tinzake. Mankhwala a mafutamafuta ndi madzi a sopo wochapira ine sindiwakonda pa echeveria, amachotsa kaufa koyera ka pamasamba kaja. Kaufako ndi phula lomwe limateteza tsamba ku dzuwa ndi madzi, ndipo likachoka pa tsamba limenelo silibwereranso. N'chifukwa chakenso pogwira tizigwira kumunsi, zala zimasiya zidindo.

NaBanda, Area 25

Zikomo kwambiri nonse. Nanga dothi ndipange bwanji? Palinso china, okonza ukwati anandibweretsera timakapu tawo ta pulasitiki toyera, tokongola ndithu, koma tilibe mabowo pansi. Ndimaganiza zoika timiyala pansi.

Mayi a Tadala, Area 47

Timiyala sitichotsa madzi achemwali, amangokhala pomwepo kudikira mizu. Otchani msomali pa mbaula, muboole mabowo atatu kapu iliyonse. Eni ukwati muwauze lero kuti popanda mabowo alendo awo adzataya mphatsozo mwezi usanathe.

Dothi langa ndi ili: mabeseni awiri a mchenga wa mumtsinje wokhakhala, beseni limodzi la njerwa zootcha zophwanya kukula ngati nyemba, beseni limodzi la dothi la masamba owolerana, ndi makala osinja manja awiri. Mchenga ndi njerwa ndimasefa pa sefa wa ufa, fumbi lodutsalo ndimataya, ndimatenga zotsalira pamwamba. Mchenga wa kudambo wosalala uja ukasakanikirana ndi katondo umauma gwa ngati pulasitala. Fumbi la kwale chimodzimodzi. Manyowa a nkhuku ayi ndithu. Poyesa, nyowetsani pang'ono, fumbatani, tambasulani dzanja. Likagumuka lokha lili bwino. Likatsala chibuma chokhala ndi zidindo za zala, wonjezerani mchenga.

Zikagwira mizu muzithirira mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, kenaka osabwerezanso mpaka dothi liume kufika pansi. Ine ndimabaya kamtengo ka kanyenya, kakatuluka kouma ndiye ndimathirira. Madzi apite pa dothi, asakhale pakati pa mutu. Dzuwa la m'mawa mpaka cha m'ma 10 kapena 11 koloko zimalifuna kwambiri, koma poti zanu zazolowera shedi neti muzizitulutsa pang'onopang'ono, apo ayi zipsa mawanga osachoka. Kukayamba kuzizira mu Meyi mudzaona nsonga za masamba zikuchita pinki, nthawi ya ukwatiyo ndi yabwino pa maonekedwe.

Tawerengani, tiana 85, mitu 18, zitsa 15 mwina zikupatsani 45 tofika msinkhu. Simunafike. Ine ndili ndi echeveria ya mtundu wa elegans yomwe yabereka mpaka kusefukira m'mabeseni, imeneyi siumira ana. Bwerani Loweruka mudzadule 60, mudzandibwezera mbewu chaka chikamatha.

Bambo Mwale, Likuni

Kwa ine mutenga 30. Ndizituma pa minibasi yolowa m'tauni zitauma kale zilonda, zopanda dothi, zokulunga m'nyuzipepala.

Achimwene Zulu, Kauma

Za kuntchito si zanga, ndiyambe ndapempha abwana. Koma kunyumba ndili ndi tanga 20, nditengereni. Kungoti mitundu ikhala yosiyana, eni oda adziwiretu.

NaBanda, Area 25

Mulungu akudalitseni abale anga, ndasowa chonena. Ndawaimbira eni ukwati, za mabowo avomera, za kusiyana mitundu akuti zili bwinonso bola zikhale zofanana msinkhu pa tebulo lililonse. Apempha kakhadi pa kapu iliyonse. Ndilembepo chiyani?

Chikondi, Kawale

Dzina lilembedwe bwino, Echeveria. Linachokera kwa Atanasio Echeverría y Godoy, wojambula zomera wa ku Mexico, ndipo amene analipereka ndi katswiri wa zomera de Candolle mu 1828. Koma pa kakhadi malo ndi ochepa, chofunika ndi choti mlendo asaiphe. Ine ndikanalemba kuti: "Ndiikeni pa dzuwa la m'mawa. Ndithirireni dothi likauma. Mvula isandigwere."

NaBanda, Area 25

Akuluakulu, patha masabata atatu, ndati ndikudziwitseni. Denga la pepala ndinakweza pa mapolo, m'mbali ndi motsegula, mabenchi ndinawachotsa pansi ndipo miyendo yake ndinaiika m'zitini za madzi chifukwa cha nyerere. Pa tiana 195 tomwe ndinadzala, 6 taola, tonse tinali kumapeto komwe mvula ya mphepo imawaza, ndiye ndasunthira benchi mkati. Tina ndikakoka pang'ono tikukana, mizu yagwira. Pa mitu itatu yodwala ija umodzi unada pa lichero, iwiri yatulutsa mizu. Zitsa 15 zonse zaphuka, china chili ndi timitu 6. Masamba aja ndinawazula n'kuwagoneka pa mchenga wouma, atsala 104, ndipo ambiri ali ndi kamwana. Kodikodi ndamuonanso pa ziwiri dzulo, ndabwereza spiriti. Bambo Mwale, tiana ta pa zitsa ndidule tikafika pati, kapena nditisiye mpaka Epulo?

Bambo Mwale, Likuni

Tisiyeni pa chitsa mpaka pakati pa Epulo, timakula msanga tikamayamwa kwa mayi wake. Pa chitsa cha timitu 6 chija chotsanipo tiwiri tofooka kuti tinayi tikule bwino. Mukadula pa 15 Epulo mukhala ndi masabata 6 oti tigwire mizu m'makapu. Mutumize chithunzi sabata yoyamba ya Epulo tione msinkhu, ngati tachepa ndidzawonjezera kuchokera kwanga.