Pakeji ya recruiting ya madola 2,400, tilipire kapena tiwasiye?

Make Tadala: Abale ndithandizeni maganizo musanagone. Tadala wamaliza season ya giredi 10, wasewera basketball pa varsity, timu yaikulu ya sukulu yake kuno ku Indiana, chaka chonse ndipo kochi wake akuti mwanayu atha kukasewera ku koleji akalimbikira. Nde dzulo tinali pa Zoom ndi anthu a kampani ina ija imati imapezera ana makoleji, akuti amupangira profile, amudulira vidiyo ya highlights, ampatsa munthu womulangiza mpaka amalize giredi 12, komanso dzina lake lizifika kwa makochi. Mtengo madola 2,400 kapena kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo akuti tikasaina pofika Lachisanu atichotserako pang'ono. Bambo ake akuti tilipire basi, ine mtima ukukana. Alipo anayesapo?

Ankolo a ku Dallas: Ya Lachisanuyo nde yandiopsa kkkk. Munthu wofuna kuthandiza mwana wa giredi 10 akuthamangira kuti, mwanayo ali ndi zaka ziwiri zathunthu kutsogoloku

Bambo a Yankho: Mlamu ndifunse kaye, Tadala akusewera timu ya AAU iti summer ino, matimu a club osakhala a sukulu aja? Komanso ndi wamtali bwanji?

Make Tadala: 5'9", amasewera guard. AAU sanasewereko yeniyeni, chaka chatha anali ku katimu kena ka konkuno kamangozungulira South Bend ndi Elkhart

Bambo a Yankho: Basi apo ndi pamene pali nkhani. Ndalama mukufuna kupereka kwa anthu a profile zija pitani nazo ku timu yabwino ya club. Season ya sukulu kuno ku Indiana imayamba November kutha February, nthawi imeneyo makochi a koleji nawonso ali bize ndi magemu awo, sangamayende jimu ndi jimu kukaona mwana mmodzi. Amaona ana ambiri nthawi imodzi ku matonamenti a club makamaka mu July. Ine ndinapitako ndi Yankho ku Run 4 Roses ku Louisville, eeh abale, makhothi ndandanda mu holo imodzi ma wezulo kulira mbali zonse mpaka mutu kuwawa, makochi atakhala pa mipando yawoyawo m'mbali atavala malaya a sukulu zawo, aliyense ndi buku lija muli mayina a ana ndi manambala a jezi. Sakuyankhula nawe, malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, sawalola nthawi imeneyo, amangoyang'ana nkulemba. Mwana akasewera bwino pamenepo dzina lake lalowa m'buku la munthu amene alidi ndi malo pa timu. Profile pa intaneti ali nayo aliyense

Anambewe: Ine ndinalipira ya mwana wanga wamkulu ndipo sindikudandaula ayi. Musamayankhule ngati tonse timadziwa zinthuzi. Ine ndinakulira netball, ndikudziwa Mary Waya ndi Mwai Kumwenda, za Division I Division II NAIA JUCO ndinkangomva ngati mayina a mankhwala, osadziwa kuti ndi magulu a makoleji pa masewera. Ndimagwira dabo ku nursing home, ndikafika kunyumba 11 usiku ndiyambe kufufuza ma imelo a makochi? Mtsikana amatilangiza uja ndi amene anaona kuti kalasi ina mwana anatenga siinali pa list ya core courses, makalasi amene NCAA imafuna kuti mwana atenge, tikanadziwa mochedwa bwenzi zitavuta. Pano ali ku Division II, mbali ina ya fizi akulipira asukulu

Bambo a Yankho: Asisi sindikukana kuti anakuthandizani, koma zimenezo counselor wa pa sukulu amayenera kuchita ulele, ndipo list ya makalasi ovomerezeka a sukulu iliyonse ili pa website ya NCAA Eligibility Center aliyense atha kuiona. Core courses 16, GPA (avereji ya magiredi) 2.3 ya Division I, 2.2 ya Division II, ndipo kwa Division I makalasi 10 mwa 16 aja akhale atatha asanayambe giredi 12. Mayeso olowera ku koleji a SAT ndi ACT anawachotsa mu 2023 kumbali ya NCAA ngakhale makoleji ena amawafunabe paokha. Ndi zomwezo basi, si za madola 2,400

Anambewe: Counselor ali ndi ana mazanamazana achimwene, kuti mumupeze mpaka appointment ya masabata. Nthawi nayonso ndi ndalama

Ankolo a ku Dallas: Apa Anambewe anena zoona ndithu. Koma funso ndi loti zomwe mukugulazo ndi nthawi kapena ndi scholarship, chifukwa pa foni paja amakuyankhula ngati ndi scholarship

Bambo a Tadala: Ndikuwerengatu zonsezi kkkk mayi akunyumba andisumira ku gulu. Maganizo anga ndi awa. Notre Dame ili panja pathu pompa, chaka chimodzi ndi madola opitirira 80,000 ukaphatikiza zonse. Ngakhale koleji ya boma si yotchipa. Nde 2,400 poyerekeza ndi zimenezo ndi chani? Ngati ingatsegule khomo ngakhale limodzi yabweza kale

Bambo a Yankho: Akulu Notre Dame muichotse kaye m'masamu amenewo kkk. Kochi wawo Niele Ivey sapeza osewera pa profile yolipira. Hannah Hidalgo anakamutenga ku New Jersey ali McDonald's All American, ndipo gemu imeneyo amasankha atsikana 24 okha dziko lonse la America. Skylar Diggins anali pa Washington High konkuno koma anali Miss Basketball wa Indiana mu 2009, dziko lonse linkamudziwa. Ana a level imeneyo amakhala atayamba kale kuoneka ku ma ligi akuluakulu a club ngati Nike EYBL, Under Armour kapena Adidas 3SSB ali giredi 8 kapena 9, ESPN inawaika kale pa ranking

Ankolo a ku Dallas: Kuno ku Texas tinali ndi Aaliyah Chavez wa ku Monterey High ku Lubbock, anagoletsa mapointi opitirira 4,000 ku high school, makochi akuluakulu amachita kupita okha ku Lubbock komwe ndi kutali ndi chilichonse. Wapita ku Oklahoma. Caitlin Clark naye ankasewera All Iowa Attack pa club, osati Dowling Catholic yokha. Amenewo sanafune munthu wowatumizira ma imelo. Ndipo tisanamizane, mwa atsikana onse osewera basketball ku high school osakwana 2 pa 100 ndi amene amafika Division I. Timu imodzi malo 15, ndiye pano ndi transfer portal, njira yoti osewera asinthire koleji, kochi amakonda kutenga mtsikana wa zaka 21 wasewera kale koleji kusiyana ndi mwana wochokera ku high school

Bambo a Tadala: Nde mukuti mwana wanga alibe mwayi?

Ankolo a ku Dallas: Ayi akulu musanditengere pamenepo. Ndikuti mwayi wake mwina suli pomwe mukuyang'ana

Chisomo: Anti, ankolo, ndilowererepo pang'ono poti ine ndadutsamo posachedwa. Ndinasewera JUCO, makoleji a zaka ziwiri aja, kenako NAIA ndipo makolo anga sanalipire kampani iliyonse. Zomwe akuti akupangirani zija Tadala atha kupanga yekha pa laptop madzulo awiri. Vidiyo, ngati sukulu yake imajambula magemu nkuwaika pa app ya Hudl monga sukulu zambiri, magemu onse ali kale mmenemo, angodula mphindi zitatu kapena zinayi, zabwino kwambiri aziike koyambirira chifukwa kochi sangaonere mpaka kumapeto ngati masekondi oyamba sanamukope, ndipo asaike nyimbo kapena slow motion chonde. Asaike ma three okhaokha, aonetse defense, mmene amapatsira anzake, mmene amathamangira kubwerera akataya mpira. Kochi akakhala ndi chidwi amapempha gemu yathunthu, ndipo mmenemo amaona zonse ngakhale nkhope imene mwana amapanga akamukhazika pa benchi

Chisomo: Kenako pa website ya timu iliyonse pali recruiting questionnaire, ndi yaulele, adzaze. Ma imelo a makochi ali pompo pa staff directory. Pamutu pa imelo alembe dzina, chaka chomaliza sukulu, kutalika, position ndi GPA, mkati mawu ochepa, link ya vidiyo ndi schedule ya matonamenti a summer kuti adziwe khothi lomupezapo. Alembe yekha Tadalayo osati anti kapena ankolo. Kochi wanga ankatiuza kuti imelo yochokera ku system ya kampani amaizindikira asanaitsegule

Make Tadala: Iwe Chisomo mwanayu ndi wamanyazi, kuyitanitsa pizza pa foni amandipatsa ine

Anambewe: Mbewa ya manyazi inafera kuuna kkkk

Chisomo: Kkkk aphunzira anti, ine ndinali choncho. Chinanso musadabwe akalemba pano a Division I osayankha, saloledwa kumuimbira kapena kumulembera za recruiting mpaka June 1 akamaliza giredi 10, pano angamutumizire za camp ndi questionnaire basi. Ndipo kalata ya camp musaitenge ngati offer, ambiri amatumiza kwa ana onse ali pa list. Camp yabwino kupitako ndi ya sukulu imene Tadala angaseweredi, kochi amuone pafupi tsiku lonse, osati kukalipira camp ya sukulu yaikulu kuti mukajambulitse

Bambo a Yankho: Ndipo kuno sitikusowa sukulu. Bethel ku Mishawaka, Holy Cross, IU South Bend, onsewo NAIA ndipo amapereka ndalama za masewera. Saint Mary's ndi Division III, kumeneko kulibe scholarship ya mpira koma mwana wa magiredi abwino amapeza ya maphunziro. Division I yapafupi yosakhala ya zimphona kuli Valparaiso, Purdue Fort Wayne, Ball State. Kochi wa Bethel atha kubwera kudzaona gemu ya Tadala Lachiwiri madzulo nkukagona kwawo, simukufunika munthu wa pakati

Anambewe: Dziwaninso kuti Division II ndi NAIA nthawi zambiri si full ride yolipira zonse, ndalama amazigawa zidutswa kwa ana angapo. Division II ndi ma scholarship 10 timu yonse. Ife tinaphatikiza ya mpira, ya magiredi ndi thandizo lopempha pa fomu ya boma ya FAFSA nde zinakwana. Izi ndinazimva kwa mlangizi yemwe uja, ndikungonena kkk

Ankolo a ku Dallas: Magiredi nde osasewera nawo, bondo silichenjeza. Taonani akatswiri a ku koleji, Paige Bueckers anaduka ACL, mtsempha wa m'bondo, mu 2022 season yonse pansi, JuJu Watkins March 2025 pakati pa tonamenti. Amenewo ali ndi madokotala ndi ndalama za Nike, mwana wathu akaduka ali giredi 11 chotsala ndi report card

Make Tadala: Musatilodzere ankolo!! Magiredi ali bho, 3.6

Bambo a Yankho: 3.6 ilowe pamutu pa imelo iliyonse

Bambo a Tadala: Chabwino ndamva koma club imeneyonso si yaulele. Mnzanga wa ku ntchito amadandaula daily, fizi ya timu, yunifomu, mafuta, hotela, pa geti kholo kulipiranso kuti uonere mwana wako yemwe. Ikhoza kupitirira 2,400 imeneyo ndipo weekend iliyonse uli pa msewu, shifiti azigwira ndani

Bambo a Yankho: Ikhoza kupitirira inde, sindikubisirani. Kusiyana kwake nkoti kumeneko mwana akusewera ndi anzake olimba, akukula mpira, ndipo makochi akumuona ndi maso. Ku kampani kuja mwana mpira wake ukhala womwewo. Koma musangolowa timu chifukwa ili ndi dzina, mufunse director matonamenti amene apite mu July ndi ati, Tadala akhala timu yoyamba kapena yachitatu, ndipo ana awo a chaka chatha anapita makoleji ati. Kukhala pa benchi ku timu ya EYBL palibe amakuona, bola timu yapakati yomwe azisewera mphindi zambiri. Ma tryout ambiri ndi mwezi uno womwe nde musachedwe

Anambewe: Ngati mulipirabe kampaniyo funsani ya mtengo wotsika, amakhala ndi ma level angapo koma amayamba kukuonetsa wapamwamba. Ndipo muwerenge za kusiya pakati, mwana akavulala kapena akangoti mpira ndatopa nawo mupitiriza kulipira? Zimenezo akulembereni, osati za pakamwa

Chisomo: Ambiri profile ya basic imakhala yaulele, atha kutsegula imeneyo aone kaye. Anti ngati mukufuna ndibwere Loweruka masana tikhale ndi Tadala tidule vidiyo ndi kulemba list ya sukulu 20, zina zapamwamba zina zapakati zina zoti tikudziwa angalowe. Angopempha login ya Hudl kwa kochi wake

Make Tadala: Bwera mwanawe Mulungu akudalitse, ndikuphikira nsima ya ufa woyera wabwera ndi alamu ako mwezi watha

Bambo a Tadala: Ine ndiwaimbirabe anthu aja mawa ndiwafunse atsikana angati a ku Indiana a 5'9" anawapezera malo chaka chatha komanso sukulu zake ziti. Akayankha zomveka tikambirananso, sindinagonje

Ankolo a ku Dallas: Mudzatiuze yankho lake, ndagula kale popcorn

Bambo a Yankho: Mlamu ndakutumizirani ku inbox ma tryout awiri a weekend ikubwerayi, imodzi ku Fort Wayne ina ku Indianapolis. Mukasankha timu yopita ku Louisville hotela musabuke nokha musanafunse, matonamenti ambiri amafuna mugone ku mahotela a pa list yawo apo ayi timu siilembedwa. Wamng'ono wathu akupitanso chaka chino nde titha kukwerera limodzi van tigawane mafuta