Kodi maphunziro a zipembedzo ku yunivesite ndi amodzi ndi maphunziro a ubusa?

Wofunsa nzeru:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndasankhidwa kukachita digiri ya maphunziro a zipembedzo, koma mtima wanga uli pawiri. Makolo anga akuganiza kuti ndikukaphunzira ubusa, pomwe mkulu wina wa mumpingo mwathu wandichenjeza kuti olowa maphunziro amenewa amatulukamo chikhulupiriro chitazirala. Pa ndondomeko ya maphunziro ndapezapo Chisilamu, Chihindu, Chibuda ndi zipembedzo za makolo, ndipo Chikhristu changokhala chimodzi mwa zambirizo. Kodi kwenikweni amaphunzitsa chiyani, ndipo munthu wopemphera angawamalize osataya chimene amakhulupirira?

Mphunzitsi wopuma:

Mwana wanga, makolo ako asakaniza zinthu ziwiri. Maphunziro a zaumulungu, amene abusa ndi ansembe amachita, amayambira m'kati mwa chikhulupiriro: amavomereza kuti Mulungu walankhula, kenako amafufuza tanthauzo la zimene walankhulazo. Maphunziro a zipembedzo saweruza ngati chipembedzo chakutichakuti ndi choona kapena ayi, koma amafunsa kuti anthu amakhulupirira chiyani, amachita zotani akamapemphera, malemba awo analembedwa liti ndiponso ndi ndani, komanso kuti zonsezi zasintha bwanji m'kupita kwa zaka.

Kusiyanitsa kumeneku si kwakale kwambiri. Mu 1870 Friedrich Max Müller, katswiri wa malemba akale a ku India amene ankaphunzitsa ku Oxford, anakamba nkhani ku London zolimbikitsa kuti zipembedzo ziziyerekezedwa monga mmene akatswiri amayerekezera zilankhulo, poti ankaona kuti wodziwa chipembedzo chimodzi chokha sangachimvetse bwino ngakhale chakecho. Mu 1877 Cornelis Tiele anayamba kuphunzitsa mbiri ya zipembedzo ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands, ndipo ku Britain dipatimenti yoyamba yamtunduwu inatsegulidwa ku yunivesite ya Lancaster mu 1967 motsogozedwa ndi Ninian Smart. Ine ndinaphunzitsa Akhristu, Asilamu ndi osapemphera m'kalasi imodzi, ndipo palibe amene ndinamufunsa chikhulupiriro chake pochonga mayeso. Ndinkafuna umboni wa zimene walemba basi.

Wophunzira wakale:

Achemwali, sindikubisirani, chaka choyamba chimapweteka. Ndimakumbukira tsiku limene aphunzitsi anatiuza kuti mabuku awiri akale kwambiri a Baibulo olembedwa pamanja m'Chigiriki, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, a m'zaka za m'ma 300, amamaliza Uthenga Wabwino wa Marko pa 16:8, pamene amayi akuthawa kumanda ali ndi mantha, ndipo ndime 9 mpaka 20 mulibe. Nditafika kuchipinda ndinatsegula Baibulo langa n'kupeza kuti zimenezi zinalembedwa m'timalemba tating'ono pansi pa tsamba, timene ndinali nditatidumpha kwa zaka zonse. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Komabe chimene chinandisintha kwambiri ndi ntchito ina. Anatituma kukakhala nawo pa mapemphero a chipembedzo chimene si chathu, titapempha chilolezo kwa eni ake, n'kulemba zimene taona ndi kumva. Ine ndinalemba kuti anthuwo amagwadira mafano. Pepala langa linabwerera mawuwo atadulidwa mzere wofiira kunsi, ndipo m'mbali munali funso lakuti kodi eni akewo akanafotokoza choncho zimene amachita. Ndinabwererako kukawafunsa, ndipo yankho lawo linali lotalikirana ndi zimene ndinaganiza. Mpaka lero ndimapemphera mumpingo womwewo umene ndinakuliramo, ngakhale kuti anzanga awiri a m'kalasi anasiya kupemphera, ndipo sindinganame kuti maphunzirowo sanathandizireko.

Wokonda kuwerenga:

Bambo mphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma ndikupempha kutsutsako pang'ono pa mfundo yakuti maphunzirowa saweruza. Akatswiri ambiri oyamba ankaika zipembedzo pa makwerero, za anthu a ku Africa ndi Australia pansi, zawo pamwamba, uku akunena kuti akungofufuza mopanda mbali. John Mbiti wa ku Kenya, amene ankaphunzitsa ku yunivesite ya Makerere ku Uganda, anatulutsa buku mu 1969 losonyeza kuti zipembedzo za makolo a ku Africa zili ndi nzeru zakuya zoyenera kuphunziridwa mwaulemu. Koma naye Okot p'Bitek wa ku Uganda anadzudzula akatswiri ngati Mbiti kuti ankaveka milungu ya ku Africa zovala za nzeru za Agiriki ndi za Chikhristu kuti Azungu aivomereze. Choncho, achemwali, mukamawerenga buku lililonse muzifunsa kuti wolembayo waima pati, ndipo mudzifunsenso nokha funso lomwelo.

Wofunsa nzeru:

Zikomo kwambiri nonse. Ndatsegula Baibulo langa pa Marko 16 ndipo timalemba tija ndatipezadi. Achimwene amene munatumidwa kukaona mapemphero a ena, kodi munkangokhala kumbuyo n'kumaonerera, kapena ankayembekezera kuti muchite nawo? Pamenepo ndi pamene makolo anga adzandifunse kwambiri.