Kagalimoto ka Trabant ka abwana anga: kangalirenso?

Wa ku Thyolo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ya m'munda ku Randburg kwa bambo wina wachikulire wochokera ku Germany. Loweruka anandituma kusesa galaja, ndipo pansi pa lona ndinapeza kagalimoto kabuluu, kumbuyo kolembedwa Trabant 601, chiwongolero chili kumanzere. Nditagogoda chitseko ndi chala, chinalira ngati ndowa ya pulasitiki. Mu boneti, thanki ya petulo yakhala pamwamba pa injini, radiator ndayisaka osayiona. Bambowo anangoima chete dzanja lili padenga pake, kenako akuti, "Ndinayidikira zaka 12." Akufuna kamveke kulira kwake kamodzi asanafooke. Mnzanga wa ku Cosmo City akuti ndi galimoto yachabechabe kuposa zonse, ndisatayepo nthawi. Kodi ndi zoona? Ine ndimadziwa makina otchetchera udzu okha.

Makaniko wa ku Jeppe:
Achimwene, ngati mumakonza makina odulira udzu aja osakaniza oyilo ndi petulo, theka la ntchito mwaidziwa kale. Injini yake ndi two-stroke, masilinda awiri, 594 cc, mphamvu 26 hp, yoziziritsidwa ndi mphepo. N'chifukwa chake radiator mulibe. Pampu ya petulo mulibenso: thanki ili pamwambayo kuti mafuta azingotsika okha kupita ku kabuleta. Pansi pa dashibodi mupeza kampopi kotsegulira mafuta, kali ndi malo atatu: kutseka, kutsegula ndi a reserve. Mafuta otsala mumayeza ndi kandodo koviika m'thanki.

Choyamba khuthulani petulo wakaleyo, tsukani thanki ndi kabuleta, sinthani mapaipi a labala ndi mapulagi. Oyilo wa two-stroke musaiwale ngakhale kamodzi, 1:50 (muyezo umodzi wa oyilo pa miyezo 50 ya petulo) pa zatsopanoko, 1:33 pa zakale. Batire musanagule onani chaka chake, chifukwa zisanafike 1983 zinali za 6 volt. Mukaikapo ya 12 mupsereza zinthu zomwe kuno simuzipeza.

Chinanso: pa mtsetse wautali musamatsike mutachotsa phazi pa mafuta muli mu giya yachiwiri kapena yachitatu. Petulo akasiya kulowa, oyilonso wasiya, injini ikuzungulira youma. Giya yachinayi yokha ndi imene imamasuka payokha.

Dalaivala wa M1:
Ine ndili mbali ya mnzanu uja. Yafika patali ndi 100 km pa ola, utsi wabuluu tolotolo kumbuyo, phokoso ngati chigayo. Kuno ku Joni tili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wochepa, ndiye mphamvu ya 26 hp ijayo ichepanso. Taganizani mwakumana ndi taxi ya Quantum pa msewu wa Malibongwe muli m'kati mwa kabokosi kameneko. Liza pabwalo la nyumba basi, pamsewu ayi.

Makaniko wa ku Jeppe:
Za utsi ndi ngozi simukunama, akulu, ngakhale ine mwana wanga sindingamukwezemo. Koma mawu oti yachabechabe ndikuwakana. Ku East Germany chitsulo cha mabodi chinkasowa, ndiye a ku fakitale ya Sachsenring ku Zwickau anatenga zinyenyeswa za thonje, n'kusakaniza ndi utomoni wa phenol, n'kupsinja pamoto. Ndiye Duroplast imene munagogodayo. Sichita dzimbiri, koma mafupa a m'kati a galimotoyo ndi achitsulo, choncho gwadani muone pansi ndi tochi. Anapanga ma Trabant oposa 3 miliyoni kuyambira 1957 mpaka 1991. Chimene chinaipitsa mbiri yake n'chakuti 601 inatuluka mu 1964, akuluakulu a boma n'kukana zatsopano zimene mainjiniya ankakonza, mpaka khoma la Berlin likugwa mu November 1989 anthu ankawoloka kupita ku West Germany ndi galimoto ya kalekale yomweyo, pambali pa Golf ndi Benz. Ambiri anazitaya m'misewu. Ine zimandipweteka, chifukwa galimoto imene mwini wake angaikonze ndi sipanala ndi sikuludiraiva pansi pa mtengo masiku ano sindiiona. Zimene zimabwera kwathu zimafuna kompyuta kaye.

Wa ku Thyolo:
Zikomo kwambiri nonse. Ndafunsa, akuti ndi ya 1986, ndiye batire ya 12. Thanki ndatsegula lero, m'kati mukununkha ngati vanishi, ndipo kandodo kaja kalipo, manambala akuonekabe. Bambowo nditawauza za 1:50 anaseka mpaka misozi, n'kulowa m'nyumba kukatenga kapu yakale yoyezera oyilo, yokutidwa m'nyuzipepala. A ku Jeppe, Lamlungu likudzali mungabwere mudzaone kabuletayi? Transipoti ndikubwezerani, nsima ndiphika.